Makoswe anga akuonda koma shuga wakwera: ndi mantha kapena matenda?

"Adokotala, ndine wophunzira wa chaka chomaliza, ndipo ndikuchita kafukufuku pa makoswe oyera a mtundu wa Wistar, amphongo okhaokha. Milungu iwiri yapitayo anatisamutsa chifukwa chipinda chakale akuchikonza. Chatsopanochi chayandikana ndi jenereta, ndipo anthu amangolowa ndi kutuluka. Pa nthawi yomweyo ndinawapatula, aliyense m'khola lakelake, kuti ndizitha kuyeza chakudya cha aliyense. Kuyambira pamenepo akusiya chakudya, sikelo ikutsika, ndipo ena ali ndi zofiira ngati magazi m'maso ndi pamphuno. Chondizunguza mutu n'chakuti shuga wa m'magazi wakwera, ngakhale kwa amene sindinawapatse mankhwala aliwonse. Mnzanga akuti ndi stress. Koma azakhali anga ananenepa pamimba nthawi imene anali pa mavuto aakulu, nanga makoswewa akuonderanji? Kodi kafukufuku wanga wawonongeka?"

Choyamba, achemwali, ikani mtima m'malo. Zimene mwafotokozazi ndaziona kambirimbiri pa zaka zimene ndakhala ndikugwira ntchito ndi makoswe, ndipo kawirikawiri si matenda a shuga ayi. Mnzanuyo sanaphonye. Makoswe anu asinthidwa zinthu zitatu nthawi imodzi: malo, phokoso ndi anzawo ogona nawo. Thupi lawo likuchita zimene linapangidwira kuchita zinthu zikavuta. Kafukufuku wanu angathe kupulumuka, koma muyenera kumvetsa kaye zimene zikuchitika m'kati mwa kanyamako, chifukwa popanda kutero mudzalemba kuti mankhwala anu achita chinthu chimene kwenikweni chachitidwa ndi jenereta ndi dzanja lanu.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal. Kwa khoswe n'kochepa kuposa njere ya mphodza, ndipo ukamatsegula mimba yake umachita kukafunafuna m'mafuta. Kachiwaloka kali ndi mbali ziwiri. Ya m'kati imatulutsa adrenaline, ndipo imatero m'masekondi ochepa chabe khoswe akadzidzimuka, chifukwa imalamulidwa ndi mitsempha yochokera ku ubongo mwachindunji. Walter Cannon wa ku Harvard ndiye analongosola bwino ntchito yake cha m'ma 1915: kukonzekeretsa nyama kuti imenye nkhondo kapena ithawe. Mbali yakunja imatulutsa homoni ina imene imabwera mochedwerapo. Kwa ife anthu homoniyi ndi cortisol, koma kwa khoswe ndi corticosterone. Muonetsetse zimenezi pogula zoyezera, chifukwa ndaonapo ophunzira atawononga ndalama kugula zoyezera cortisol kuti ayezere makoswe. Uthenga wake umadutsa m'njira yayitali: gawo la ubongo lotchedwa hypothalamus limatulutsa homoni yotchedwa CRH, imeneyi imauza pituitary, kachiwalo ka pansi pa ubongo, kuti itulutse homoni ina yotchedwa ACTH, ndipo ACTH imayenda m'magazi kukadzutsa adrenal. N'chifukwa chake corticosterone imayamba kukwera pakadutsa mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kufika pamwamba pakatha mphindi 20 mpaka 30.

Mahomoni awiriwa ntchito yawo yaikulu ndi imodzi: kutsegula nkhokwe. Ganizirani za pakhomo. Pali ufa umene uli m'chidebe kukhitchini, pali chimanga chimene chili m'nkhokwe, ndiye pali mbewu imene mwasunga kuti mudzadzale. Thupi nalo lili ndi zitatuzi. Ufa wa m'chidebe ndi shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, wotchedwa glycogen. Nkhokwe ndi mafuta. Mbewu yodzala ndi mnofu weniweniwo. Adrenaline imathamangira ku chidebe: imauza chiwindi kuti chiphwanye glycogen n'kuthira shuga m'magazi, imamasula mafuta, ndipo imatsekereza insulin, homoni yotsitsa shuga wa m'magazi, kuti isabweze shugayo kosungira. Corticosterone imabwera pambuyo kudzaonetsetsa kuti shugayo asathe. Imachulukitsa m'chiwindi zida zopangira shuga watsopano, ndipo zopangira zake imakazitenga ku minofu, kuiphwanya pang'onopang'ono. Imachititsanso kuti minofu isamamve bwino insulin, kuti shuga atsale m'magazi n'kukafika ku ubongo. Kwa khoswe amene wakumana ndi kadzidzi, zimenezi ndi moyo. Pakatha ola limodzi kapena awiri zonse zimabwerera m'malo, amadya, chidebe n'kudzazanso. Vuto limayamba pamene kadzidzi sakuchoka, pamene jenereta ikulira lero, mawa ndi mkuja. Pamenepo thupi limakhala ngati banja limene lagwidwa ndi galu wakuda mpaka kuyamba kudya mbewu yodzala.

Apa ndiye pali yankho la zimene zakuzunguzani. Shuga wokwera ndi thupi loonda sizikutsutsana. Shuga amene mukumuona pa makina anu sakuchokera ku chakudya, chifukwa chakudyacho akuchisiya. Akuchokera m'thupi la khosweyo mwini.

Kusiya chakudyako nakonso kuli ndi gwero lake. CRH ija, kupatula kudzutsa pituitary, imagwiranso ntchito mu ubongo momwemo kuzimitsa njala. Ofufuza akaika khoswe m'kachubu komuletsa kutembenuka kwa maola atatu patsiku, kwa masiku atatu okha, amachepetsa kudya ndipo amatsika pa sikelo. Chochititsa chidwi n'chakuti akayambiranso kudya bwino sawapeza msanga anzake aja. Amakula ndithu, koma amatsalira m'mbuyo kwa milungu yambiri. Mfundo imeneyi ikukhudzani, ndibwereranso kwa iyo.

Nkhani yonseyi inayambira pa makoswe omwewa. Hans Selye, ali ku McGill University mumzinda wa Montreal, ankabaya makoswe ndi madzi ochokera m'ziwalo za nyama poganiza kuti apeza homoni yatsopano. Atawatsegula anapeza zinthu zitatu: ma adrenal atakula, thymus ndi tiziwalo tina toteteza thupi titafota, ndi zilonda m'chifu. Kenako anaona kuti kuzizira, kuvulala, kutopetsa kapena mankhwala aululu zimabweretsa zitatu zomwezo. Analemba zimenezi mu 1936 m'magazini ya Nature, ndipo mawu akuti stress amene mnzanu wagwiritsa ntchito anafala m'zachipatala kudzera mwa iyeyo. Mpaka lero, ngati mudzatsegule makoswe anu pamapeto, yezani kulemera kwa adrenal ndi thymus. Sizifuna makina odula, sikelo yabwino yokha, ndipo zidzakuuzani zambiri za mmene nyamazo zakhalira m'milungu yapitayi kuposa dontho limodzi la magazi.

Tsopano za azakhali anu. Funso limeneli ndi labwino, ndipo amene analilondola kwambiri ndi Mary Dallman wa ku University of California, San Francisco. Iye anaona kuti khoswe wa mu labotale amapatsidwa chakudya chimodzi chouma, chosakoma kwenikweni, tsiku ndi tsiku. Akapanikizika amangochisiya. Koma mukamuikira pambali mafuta a nkhumba ndi madzi a shuga, nkhani imasintha. Amachepetsa chouma chija koma zonona ndi zotsekemerazo amazikonda, ndipo corticosterone ikakwera pamodzi ndi insulin, zimene wadyazo zimakaunjikana ngati mafuta a m'mimba, ozungulira matumbo. Dallman ndi anzake anapezanso kuti makoswe amene adya zoterezi ubongo wawo umatulutsa CRH yocheperako, ngati kuti chakudyacho chikuuza ubongo kuti nkhokwe yadzaza, ungathe kupuma. Analemba zimenezi mu 2003. Choncho homoni yomweyo imaonetsa nkhope ziwiri. Insulin ikakhala yotsika, monga mwa nyama yosadya, corticosterone imaphwanya. Insulin ikakhala yokwera, imaphwanyabe minofu ya m'miyendo koma n'kumanga mafuta pamimba. Mphamvu sizikuwonjezeka kapena kutha chabe, zikusamutsidwa kuchoka malo ena kupita ena.

Pali kafukufuku wina amene ndimaukonda chifukwa amafanana kwambiri ndi moyo wa anthu. Makoswe amphongo angapo ndi aakazi amaikidwa pamodzi m'khola lalikulu lokhala ndi ngalande zoonekera, njira imene anaiyambitsa Robert ndi Caroline Blanchard ku Hawaii. Pasanathe masiku ambiri mmodzi amakhala mfumu, enawo amakhala oponderezedwa. Oponderezedwawo amaonda kwambiri, amataya mafuta ndi minofu yomwe. Akawachotsa n'kuwabwezera m'makola a mtendere amadya mwaphuma, ndipo zimene zimabwerera msanga ndi mafuta, makamaka a m'mimba. Azakhali anu anali ndi mandasi, tiyi wa shuga wambiri ndi nsima pafupi, mwinanso tulo tochepa. Makoswe anu ali ndi chakudya chouma chokha. Sindikunena kuti munthu ndi khoswe wamkulu. Khoswe akapatsidwa mankhwala amphamvu a mtundu wa corticosterone kawirikawiri amatsika pa sikelo, pamene munthu womwa prednisolone, mankhwala ofanana ndi cortisol, nthawi yayitali amanenepa nkhope ndi mimba, miyendo n'kuwonda. Koma pansi pake pali chinthu chimodzi: minofu ikuchepa, mafuta akusamukira pakati, ndipo insulin sikumvedwa bwino.

Umboni wina wosonyeza kuti mahomoniwa ali pakati pa nkhani ya kunenepa ukuchokera ku makoswe onenepa mwachibadwa a mtundu wa Zucker, amene anapezeka mu 1961. Amenewa amadya osakhuta chifukwa ubongo wawo sulandira uthenga wa leptin, homoni yochokera m'mafuta imene imachepetsa njala. Ofufuza akawachotsa ma adrenal, kunenepa kuja kumachepa kwambiri, ndipo akawabwezera corticosterone kumayambiranso.

Ndikuuzeninso chinthu chimodzi chimene chimatikhudza ife kuno. Moffat Nyirenda, dokotala wa ku Malawi, ali ku Edinburgh pamodzi ndi Jonathan Seckl, anapatsa makoswe apakati dexamethasone, mankhwala amphamvu a mtundu wa corticosterone, m'sabata yomaliza ya mimba, imene kwa khoswe imatenga pafupifupi milungu itatu yokha. Ana anabadwa opepuka, ndipo atakula shuga wawo ankakwera kuposa wa anzawo. M'chiwindi mwawo chida chopangira shuga chotchedwa PEPCK chinali chochuluka mpaka ukulu, ngakhale kuti mankhwalawo anawalandira ali m'mimba basi. Zotsatirazi zinatuluka mu 1998. Ku Montreal nako, Michael Meaney anapeza kuti ana a makoswe amene mayi awo amawanyambita ndi kuwasamala kwambiri m'sabata yoyamba amakula osadzidzimuka msanga, ndipo corticosterone yawo imatsika msanga mavuto akatha. Kwa inu zimenezi zikutanthauza kuti makoswe awiri a mtundu umodzi, msinkhu umodzi, angathe kuyankha mosiyana pa jenereta yomweyo, malinga ndi kumene anachokera. Funsani kumene munawatenga ngati ali a mimba imodzi kapena zosiyana, ndipo musaunjike abale onse m'gulu limodzi.

Tibwere ku chipinda chanu. Chimene ndikuchikayikira kwambiri si jenereta, ndi kuwapatula kuja. Khoswe ndi nyama ya pagulu. Mukawaona masana amagona mulu umodzi, wina pamwamba pa mnzake, mchira uku mutu uko. Sikukondana kokha, akusunga kutentha. Khoswe amakhala mosavutika ndi kuzizira pamene kutentha kuli pafupi ndi madigiri 28 mpaka 30, pamene zipinda zambiri zosungira nyama zimakhala pa 20 mpaka 24, ndipo m'mwezi wa June ndi July usiku zimatsika kuposa apo ngati mulibe chotenthetsera. Akakhala yekha amayenera kudziwotchera moto wake. Pakati pa mapewa ake pali mafuta a bulauni, amene noradrenaline, mbale wake wa adrenaline, ikawakhudza amawotcha mphamvu kuti atulutse kutentha kokha. Ndiye khoswe wanu akudya pang'ono koma akuwononga zambiri. Ngati kafukufuku wanu sakukakamizani kuwapatula, abwezereni awiriawiri kapena atatuatatu, kutsata amene ankakhala limodzi kale, ndipo muwayang'anitsitse tsiku loyamba kuti asalumane. Chakudya mungayeze cha khola lonse n'kugawa. Ngati n'zosatheka, yandikizani makola kuti azionana ndi kununkhizana, onjezerani utuchi, ndipo muikemo chidutswa cha paipi kapena kabokosi kobisalamo.

Chachiwiri ndi kuwala. Khoswe amadzuka madzulo. Corticosterone yake imakhala yotsika m'mawa, n'kumakwera mpaka kufika pamwamba dzuwa likamalowa, nthawi imene akuyamba kudya. Kwa ife ndi mosemphana, cortisol imakwera m'bandakucha. Ngati wina akuyatsa magetsi usiku, kapena magetsi akuzima masana n'kuyakanso jenereta ikalira, wotchi ya m'thupi imasokonezeka ndipo kadyedwe kamasokonezeka nayo. Ndiponso ngati gulu lina mukuliyeza 8 koloko m'mawa ndi lina 4 koloko madzulo, manambala anu adzasiyana ngakhale mutapanda kuchita china chilichonse.

Chachitatu ndi dzanja lanu, ndipo apa ndikhalapo pang'ono chifukwa inenso ndinagwapo. Ndikuyamba kumene ntchitoyi ndinkayeza shuga makoswe khumi motsatana, onse ali m'chipinda chimodzi. Woyamba ndinkamutenga ali m'tulo, kudontheza magazi kunsonga ya mchira, nambala yabwino. Pofika kwa wachisanu ndi chitatu, iye anali atamva makola akugubuduzika, fungo la magazi ndi kulira kwa anzake kwa theka la ola. Khoswe wamantha amalira mawu apamwamba kwambiri, cha pa 22 kilohertz, amene ife sitiwamva koma anzake amawamva bwino lomwe. Ndinkamupeza atatutumutsa ubweya, mtima ukugunda m'manja mwanga, timibulu ta ndowe tikugwa pa tebulo. Manambala ankakwera kuchokera kwa woyamba mpaka womaliza ngati masitepe. Popeza ndinkayamba ndi gulu limodzi n'kumaliza ndi lina, ndinakhulupirira kuti ndapeza chinthu chachikulu. Mphunzitsi wanga anangondiuza kuti ndiyambire ku mapeto tsiku lotsatira, ndipo zotsatira zinatembenuka. Taonani m'buku lanu ngati munalemba ndondomeko imene munawayezera. Ngati shuga wokwera ali mwa omalizira, mwapeza gwero.

Kukonza kwake n'kosavuta. Kwa sabata yathunthu muziwagwira tsiku lililonse popanda kuwachita kanthu, mphindi zochepa aliyense. Musamunyamule ndi mchira. Lowetsani dzanja pansi pa chifuwa, linalo lichirikize kumbuyo, mumukhazike pa mkono wanu. Pakadutsa masiku anayi kapena asanu mudzaona akubwera yekha kudzanunkhiza zala. Tsiku loyeza, tengani khola limodzi kupita nalo chipinda china, malizani kutenga magazi pasanathe mphindi ziwiri kapena zitatu kuchokera pamene mwakhudza kholalo, pukutani tebulo, ndipo musakanize magulu, wina wa uku wina wa uko. Muziyeza ola lomwelo nthawi zonse, munthu yemweyo, wosadzola perefyumu. Ngati mumawamana chakudya musanayeze, kumbukirani kuti kusala usiku wonse kwa khoswe ndi nkhani yaikulu, chifukwa usiku ndi pamene amadya pafupifupi chakudya chake chonse, ndipo njala yokhayo imakweza corticosterone.

Zofiira za m'maso ndi pamphuno si magazi. Ndi utoto wotchedwa porphyrin, wochokera ku kachiwalo kamene kali kuseri kwa diso. Khoswe wathanzi amautulutsa pang'ono n'kuupukuta podzisambitsa. Akapanikizika kapena kudwala umachuluka ndipo amaleka kudzisamala, ndiye umauma ngati nkhanambo. Ndi chizindikiro chabwino choti muzilemba tsiku ndi tsiku, koma sichikuuzani chokha ngati vuto ndi mantha kapena matenda.

Pachifukwa chimenechi sindikufuna kuti mutseke maso n'kunena kuti zonse ndi stress. Lero lomwe yang'anani mabotolo a madzi, chifukwa kamlomo kakatsekeka khoswe amasiya kudya. Yang'anani mano akutsogolo ngati sanatalike mopitirira. Nunkhizani khola: fungo la mkodzo lolasa m'mphuno limawononga mapapo awo. Ndipo muitane dokotala wa ziweto amene amayang'anira nyama za pasukulu panu mwamsanga ngati mukumva kuyetsemula kapena kupuma kokhala ndi phokoso, ngati khosi latupa, ngati wina akhala chokhotetsa msana maso atatsinzina, ngati akutsegula m'mimba, kapena ngati sikelo ikupitirira kutsika patatha sabata mutakonza zinthu. Khoswe amene wataya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake afunika kuonedwa tsiku lomwelo, ndipo malamulo a malo ambiri salola kuti nyama ipitirire mu kafukufuku ikataya gawo limodzi mwa magawo asanu. Matenda a shuga enieni ali ndi chizindikiro chawo: botolo limatha msanga ndipo utuchi umanyowa kwambiri. Ngati mukuona zimenezo, ndi nkhani ina.

Za kafukufuku wanu, ndinena mosabisa. Manambala a shuga a milungu iwiriyi musawatenge ngati a makoswe abwinobwino. Musawataye, koma muwalembe padera pamodzi ndi tsiku losamuka, tsiku lowapatula ndi maola amene jenereta inalira. Kaoneni amene akukuyang'anirani sabata ino, mupite ndi buku lanu, ndipo mudziwitse komiti imene inavomereza ntchito yanu kuti malo osungira nyama asintha. Apatseni makoswewo sabata imodzi kapena iwiri ya bata musanayambenso kuyeza. Ndipo kumbukirani mfundo ija yakuti khoswe woonda ndi mantha sabwerera msanga pa mzere wake wakale: musadikire kuti afike pa kulemera kumene akanakhala nako, koma dikirani kuti ayambirenso kukwera tsiku ndi tsiku, ndipo kulemera kwa tsiku limenelo mukutenge ngati poyambira patsopano. Ngati magulu anu onse anasamuka pamodzi ndipo anali osakanizika pa mashelufu, kuyerekeza kwanu kukadali ndi mphamvu. Ngati gulu limodzi linali pafupi ndi khomo ndipo linalo kukona ya phee, muyenera kusakaniza makola lero ndi kuyambiranso gawo limenelo.

Kwa azakhali, ngati mimba ija ikadalipo, apite akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi kuchipatala. Ndipo muwafunse ngati akumwa prednisolone kapena dexamethasone, mwina chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi. Ngati akumwa kwa nthawi yayitali asasiye mwadzidzidzi, chifukwa ma adrenal awo amakhala atagona ndipo amafuna nthawi kuti adzuke. Adokotala awo ndiwo awachepetsere pang'onopang'ono.